Mpikisano wa Mafunso m'Sukulu za Kumidzi ku America

Kodi mudamvapo pa wailesi ya MBC pulogalamu ija ya Top of the Class? Ana a sukulu za sekondale ankapikisana kuyankha mafunso, ife kunyumba titatchera khutu. Mwina funso lina tinkaliyankha anawo asanayankhe, n'kudziona ngati nafenso tidapita patali ndi sukulu.

Maseŵera otereŵa sali kwathu kokha. Ku America aliko, ndipo kumeneko amaŵatcha quiz bowl. Tikamva za America timaganiza za nyumba zosanjikizana za ku New York. Koma dzikolo lili ndi midzi yakenso, ya alimi a tirigu, chimanga ndi ng'ombe. Kumidziko sukulu yonse ya sekondale ikhoza kukhala ndi ana osakwana 100. Tiyeni tione m'mene sukulu zazing'onozo zimachitira kuti mpikisano wawo usafe. Paja kuyamba chinthu n'kosavuta. Mphunzitsi mmodzi wachangu akhoza kuyambitsa mpikisano sabata ino. Chovuta n'chakuti mpikisanowo ukhalepobe patatha zaka khumi, mphunzitsi uja atasamuka.

Maseŵeraŵa amayenda chotani?

Matimu aŵiri amakhala patebulo, timu iliyonse ana anayi. Mwana aliyense amagwira kabatani kolumikizidwa ndi waya ku bokosi la magetsi. Kutsogolo kumakhala munthu wamkulu woŵerenga mafunso, ndipo pambali pake pamakhala wina wolemba mapointi. Woŵerenga akayamba funso, mwana amene wadziŵa yankho amadina kabatani kake. Bokosi limalira, nyali ya mwanayo n'kuyaka, timabatani ta anzake onse n'kutsekeka. Motero sipakhala mkangano wakuti wayamba kudina ndani.

Malamulo amasiyana malo ndi malo, koma ofala kwambiri ndi aŵa. Mwana akayankha bwino, timu yake imapata mapointi 10. M'mipikisano ina, akayankha funso likadali koyambirira amapata 15. Koma akadula woŵerenga pakamwa n'kulakwa, timu yake imalandidwa mapointi 5, ndipo timu inayo imamva funso lonse mpaka kumapeto. Timu imene yakhoza imapatsidwanso funso lina la magawo atatu, gawo lililonse mapointi 10. Pa funso limeneli anawo amaloledwa kunong'onezana. Maseŵera amodzi amakhala ndi mafunso ngati 20, ndipo amatha pa theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Funso labwino limayamba ndi mfundo yovuta, n'kumanka lifeŵerafeŵera. Nachi chitsanzo chimene ndakulemberani. Ŵerengani pang'onopang'ono:

Mbewu iyi idayamba kulimidwa ku Mexico zaka zikwi zingapo zapitazo. Ku America chigawo chimene chimailima kwambiri ndi Iowa. Idafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi. Ikakula imatulutsa ngayaye pamwamba. Ufa wake timaphikira nsima. Tchulani mbewu imeneyi.

Eya, ndi chimanga. Nanga inu mwadziŵira pa chiganizo chiti? Amene adaŵerenga mbiri ya mbewu akadadina pa Mexico pomwepo. Mlimi akadadina pa ngayaye. Mwana wamng'ono akadadikira nsima. Ubwino wa funso lotere ndi umenewu: wodziŵa zambiri ndiye amayamba, koma wodziŵa pang'ono naye satsala m'manja muli zii. Wopupuluma ndiye amaluza. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunsowo amakhala a masamu, sayansi, mbiri, malo a pa dziko, mabuku, nyimbo ndi nkhani zochitika. Palibe mwana mmodzi amene angadziŵe zonsezi. N'chifukwa chake pamafunika timu.

Mipikisano ya pa kanema imabwera n'kupita

Mpikisano umenewu udatchuka chaka cha 1953, pamene pulogalamu ya ophunzira a m'makoleji idayamba kuulutsidwa pa wailesi ku America. Chaka cha 1959 idaloŵa pa wailesi ya kanema ndi dzina lakuti College Bowl, kampani ya General Electric ikulipira. Anthu ambiri ankaikonda, komabe idaleka mu 1970. Ana a sekondale nawo adapeza pulogalamu yawo mu 1961, yotchedwa It's Academic, mumzinda wa Washington.

Mbewu ya College Bowl idafika ndi kuno. Mu 2007 kudayamba mpikisano wa pa kanema wa mayunivesite wotchedwa Celtel Africa Challenge, ndipo chaka chotsatira ophunzira a ku Malaŵi ndi ku Zambia adaloŵa nawo. Pambuyo pake dzina lidasintha kukhala Zain Africa Challenge. Mu 2010 kampani ya matelefoniyo idagulitsidwa, ndipo mpikisanowo sudapitirire.

Taonani tsono. Mpikisano wodalira kampani yaikulu ndi wokongola, koma moyo wake uli m'thumba la munthu wina. Komanso makamera a kanema safika kaŵirikaŵiri kumudzi. Sukulu za kumidzi zidayenera kupeza njira yawoyawo.

Mtunda

Dziko la America lidagaŵidwa m'zigawo 50, chilichonse ndi boma lake. Tiyeni titenge chigawo chimodzi chimene chili pakati penipeni pa dzikolo, dzina lake Kansas. Kumeneko mpikisano uwu amautcha Scholars Bowl.

Kansas ndi wamkulu pafupifupi kaŵiri kukula kwa Malaŵi. Koma pa kalembera wa 2020 adapezamo anthu 2.9 miliyoni okha, pamene kwathu kuno pa kalembera wa 2018 tidaposa 17 miliyoni. Ambiri mwa anthu ochepawo amakhala chakum'maŵa, m'mizinda ya Wichita, Topeka ndi Kansas City. Kumadzulo ndi chidikha chokhachokha, minda ya tirigu ndi mapira mpaka pamene maso alekezera. Boma lina la kumadzuloko, lotchedwa Greeley, lidali ndi anthu 1,284 basi mu 2020, boma lonse lathunthu. Kwathu kuno alipo masukulu a pulaimale amene ana ake okha amaposa chiŵerengero chimenecho.

Kale sikudali chomwechi. M'midzi mudali timasukulu tambirimbiri ta chipinda chimodzi. Koma mathirakitala ndi makina okololera atabwera, munda umene unkafuna anthu ambiri udayamba kulimidwa ndi banja limodzi. Mabanja ena adasamukira m'tauni. Mu 1963 boma la Kansas lidakhazikitsa lamulo lophatikiza madera a sukulu, ndipo lero madera amenewo ndi osakwana 300. Sukulu zidachepa, mtunda wa pakati pa sukulu ina ndi inzake udakula.

Ndiye vuto loyamba limenelo. Kuti ana anayi akayankhe mafunso kwa theka la ola, mwina ayenera kuyenda pa galimoto ola lathunthu kapena maola aŵiri, kubwerera chimodzimodzi. Mafuta ndi ndalama. Woyendetsa naye afuna malipiro. Kuwonjezera apo, mpikisanowu umachitika m'nyengo yozizira, pamene kumeneko kumagwa chipale chofeŵa, chija chimayeretsa pansi ngati ufa. Chikagwa chambiri misewu imatsekedwa, tsiku la mpikisano n'kupita padera. Pali ndi china choseketsa: maboma anayi a kumalire a kumadzulo, pamodzi ndi Greeley yemweyo, wotchi yawo imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi Kansas yense. Mphunzitsi woiŵala zimenezi amafika anzake atayamba kale.

Nanga amatani? Sayendera maseŵera amodzi okha. Sukulu zingapo zoyandikana zimapangana tsiku, n'kukumana pa sukulu imodzi ana akaŵeruka. M'kalasi iliyonse mumaloŵa matimu aŵiri. Akatha, matimu amasinthana zipinda, n'kuyambanso. Pofika usiku timu iliyonse yakumana ndi matimu asanu kapena kuposa, pa ulendo umodzi. Tsiku lina imalandira alendo ndi sukulu ina, kuti oyenda kutali asakhale omwewomwewo. Gulu la sukulu zogwirizana chotere ndilo timati ligi. Nthaŵi zambiri zimakhala sukulu zomwezo zimene zimamenyana kale mpira, zodziŵana bwino, ndipo ahedi ake amakumana kale pa nkhani zina. Ubwino wina ndi wakuti timu ya mafunso ndi yaing'ono. Ana asanu ndi mphunzitsi wawo amakwana m'kagalimoto kamodzi, osafuna basi yaikulu.

Ana ochepa, ntchito zambiri

Pa sukulu ya m'tauni ya ana 2,000, mphunzitsi akaitana ofuna kuloŵa timu amabwera ambiri, iye n'kusankha. Pa sukulu ya ana 60 sizitero. Mwana yemweyo amene ali katswiri wa masamu ndi amenenso amaseŵera mpira wa m'dengu, amaimba lipenga m'bandi ya sukulu, ndipo m'mamaŵa amadyetsa ana a ng'ombe a bambo ake. Sukulu zina za ku Kansas n'zochepa kotero kuti mpira wawo wachimerika amaseŵera anthu 8 mbali iliyonse m'malo mwa 11. Tsono ngati tsiku la mafunso ligundana ndi tsiku la mpira, timu ya mafunso imatsala ndi ana aŵiri. Ligi yanzeru imayamba yaona kalendala ya mpira isanaike masiku ake.

Komabe pa maseŵera onse a pa sukulu, aŵa ndiwo oyenera sukulu yaing'ono. Amangofuna ana anayi. Anyamata ndi atsikana amakhala timu imodzi. Mwana woyenda pa njinga ya olumala amapikisana mofanana ndi wothamanga. Ndipo mwana wamanyazi uja, amene pa bwalo la mpira palibe amamuona, tsiku lina amamva dzina lake likutchulidwa pamaso pa sukulu yonse.

Pali msampha umodzi umene sukulu zazing'ono zimagweramo kaŵirikaŵiri. Pamapezeka mwana mmodzi wa mutu wakuthwa, woyankha mafunso onse yekha. Anzake atatu amangokhala ngati alendo. Zaka ziŵiri sukuluyo imatenga zikho, makolo n'kumanyadira. Koma sekondale ya ku America ndi ya zaka zinayi, monga Fomu 1 mpaka Fomu 4 kwathu. Mwana uja akamaliza, timu yatha, chifukwa enawo sadaphunzire ngakhale kudina kabatani. Ine ndikuona kuti mphunzitsi wolola zimenezi wagula chikho cha chaka chino ndi timu ya chaka chamaŵa.

Aphunzitsi odziŵa ntchito amagaŵa maphunziro. Uyu aŵerenge za mbiri, uyo za sayansi, winayo za mabuku ndi nyimbo. Aliyense akhale ndi munda wake, adziŵe kuti funso la m'munda mwake likabwera anzake akuyang'ana iye. Amakhalanso ndi timu yachiŵiri ya ana ongoyamba kumene, yokumana ndi ongoyamba anzawo a sukulu zina. Ena amatsikira ndithu ku makalasi a m'munsi, kwa ana a zaka 11 mpaka 13, n'kuŵayambitsa adakali aang'ono. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, chifukwa nthaŵi zambiri aang'ono ndi aakulu amaphunzira pamalo amodzi.

Mphunzitsi mmodzi

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani. Mukafunsa chimene chidapha timu ya mafunso pa sukulu ina, kaŵirikaŵiri yankho silikhala ndalama kapena mtunda. Amangoti, aphunzitsi aja adachoka.

Mphunzitsi wa kumudzi ku America ali ndi katundu wolemera. Pa sukulu yaing'ono munthu mmodzi akhoza kuphunzitsa sayansi yonse, makalasi onse. Ena amayendetsanso basi ya sukulu. Amene wavomera kuyang'anira timu ya mafunso amaphunzitsa anawo pa nthaŵi ya nkhomaliro kapena m'maŵa sukulu isanayambe. Iye ndiye amalembetsa timu, amapempha galimoto, amaimbira makolo telefoni, amakonza waya woduka. Ngati alandirapo kanthu ndi kochepa. Tsono sukulu za kumidzi zimavutika kusunga aphunzitsi, popeza malipiro a m'tauni amakhala okwera. Wachinyamata amabwera, akhala zaka ziŵiri kapena zitatu, n'kupita. Wachikulire amapuma pa ntchito. Zonse zimene ankadziŵa zimapita naye. Woloŵa m'malo mwake amapeza bokosi la timabatani m'kabati, fumbi lokhalokha, osadziŵa n'komwe ntchito yake.

Ndipo timu imodzi ikafa, ligi yonse imadwala. Tinene kuti ligi ili ndi sukulu zisanu ndi imodzi. Ziŵiri zikasiya, zotsalazo zimangokumana zokhazokha, ana n'kutopa nazo. Kuti zipeze anzawo atsopano ziyenera kuyenda mtunda wautali kuposa kale. Posakhalitsa hedi wina amati mafuta akutha pachabe, nayenso n'kutulutsa sukulu yake. Chotero mphunzitsi wa sukulu yopambana sayenera kukondwa akamva kuti timu ya anzake ikufa. Ayenera kukwera galimoto, akathandize mphunzitsi watsopano uja, am'bwereke mafunso akale ndi kumuonetsa kalumikizidwe ka mawaya. M'maseŵera ano mdani wako ndi amene amakusunga.

Mankhwala a vutoli si odula. Loyamba, aphunzitsi akhale aŵiri, kuti mmodzi akachoka wina atsale. Lachiŵiri, zonse zilembedwe m'buku: masiku a mpikisano, kumene amagula mafunso, maina a othandiza, ndalama zoloŵa ndi zotuluka. Bukulo likhale la sukulu, osati la mphunzitsi. Ndipo udindo woyendetsa ligi uzizungulira, chaka chino sukulu iyi, chaka chamaŵa inayo. Munthu wakhama amene amachita zonse yekha timamuyamika, koma kunena zoona ndiye amasiya dzenje lalikulu.

Ndalama zimapita kuti?

Kupatula mafuta, ndalama zimapita pa zinthu ziŵiri: mafunso ndi mabokosi a magetsi.

Mafunso ayenera kukhala atsopano pa mpikisano uliwonse. Funso lomveka kale ndi lakufa. Aphunzitsi ena amayesa kulemba okha, koma ndi ntchito yaikulu, pakuti tsiku limodzi limadya mafunso mazanamazana. Ndipo funso lolembedwa mothamanga limaononga maseŵera. Likhoza kukhala ndi mayankho aŵiri, kapena kukhala lonyenga, lolanga mwana wodziŵa. Mwana amene walandidwa mapointi chifukwa cha kulakwa kwa wolemba sabweranso sabata yamaŵa. Chifukwa chake maligi ambiri amagula mafunso kwa akatswiri. Kampani yodziŵika kwambiri pa ntchitoyi ndi National Academic Quiz Tournaments, imene mwachidule amati NAQT. Idayamba mu 1996. Mpukutu umodzi wa mafunso umagulitsidwa kumadera osiyanasiyana, motero ana amaletsedwa kuulula zimene amva mpaka madera onse atamaliza. Mafunso akale ambiri ali pa intaneti, aulere, ndipo ndiwo amene ana amayeserera.

Bokosi la magetsi limagulidwa madola mazana angapo, koma likasamalidwa limakhala zaka zambiri. Sukulu imodzi singakhale ndi mabokosi okwanira zipinda zonse. Tsono timu iliyonse imabwera ndi lake. Pa mipikisano yolipira poloŵa, timu yobwera ndi bokosi kapena ndi munthu woŵerenga mafunso imachotseredwa mtengo. Nanga bokosi likafa pakati pa maseŵera? Salekeza iyayi. Ana amangomenya tebulo ndi dzanja, woŵerenga n'kuweruza amene wayamba.

Ndalama zina amazipeza pogulitsa makeke ndi zakumwa pa tsiku la mpira. Ena amakonza usiku wa mafunso wa akuluakulu. Makolo, alimi ndi a sitolo amalipira tebulo lawo, n'kumapikisana, ana a sukulu ndiwo akufunsa. Pamenepo bambo amene ankati maseŵeraŵa n'ngotaya nthaŵi amatuluka thukuta ndi funso la mwana wake.

Kukumana ndi ofanana nawo

Chimene chidalimbitsa mpikisanowu ku Kansas ndi ichi: bungwe loyang'anira mpira, nyimbo ndi mitsutso m'sukulu zonse za sekondale, limene likulu lake lili ku Topeka, lidautenga kukhala umodzi wa ntchito zake. Zigawo zina, monga Missouri ndi Illinois, zidachitanso chimodzimodzi. Mwina mungati n'chinthu chaching'ono, koma si chaching'ono ayi. Mpikisano ukaloŵa m'kalendala ya bungwe, suthanso kutengedwa ngati choseŵeretsa cha mphunzitsi wakutiwakuti. Hedi amauikira ndalama monga achitira ndi mpira. Mphunzitsi akachoka, hedi amafuna wina, chifukwa tsiku la mpikisano lilipo kale ndipo sukulu zinzake zikudikira.

Bungwelo lidagaŵa sukulu m'magulu asanu ndi limodzi malinga ndi kuchuluka kwa ana, kuyambira 1A, zazing'ono zenizeni, mpaka 6A, zikuluzikulu za m'mizinda. Gulu lililonse lili ndi chikho chake. Maseŵera a ku Kansas ndi aafupi, mafunso 16 okha, ndipo akatswiri a chigawo chonse amapezeka mwezi wa Febuluwale. Motero mwana wa pa sukulu ya ana 50 sakumana ndi sukulu ya ana 2,000. Amadziŵa kuti akalimbikira chikho akhoza kuchitenga. Timu yogonja ndi mapointi 400 kwa 20 sabata ndi sabata singapirire chaka chonse.

Kumadera ena adapeza nzeru ina. Mu 1976, m'dera la mapiri la Durango m'chigawo cha Colorado, mudayamba mtundu wina wa maseŵeraŵa wotchedwa Knowledge Bowl. Pambuyo pake udafalikira kwambiri ku Minnesota, kumene amauyendetsa ndi mabungwe amene sukulu za dera limodzi zidapanga kuti zizithandizana. M'maseŵera ameneŵa m'chipinda mumaloŵa matimu atatu, osati aŵiri, choncho oŵerenga ndi mabokosi amafunika ochepa. Matimu amayamba ndi mayeso olemba. Akatha, atatu opambana amaloŵa chipinda choyamba, otsatira chipinda chachiŵiri, mpaka kumapeto. Pakutha pa maseŵera alionse amaŵasanjanso. Tsiku lonse timu iliyonse imalimbana ndi ofanana nayo mphamvu.

Ulendo wa kumzinda

Mpikisano wa dziko lonse uliponso. Kampani ija ya NAQT idayamba wa sukulu za sekondale mu 1999. Kuyambira 2014 idapatula wina wa sukulu zazing'ono zokha. Pa sukulu za boma, yaing'ono ndi imene ili ndi ana osapitirira 500 m'makalasi atatu omaliza, ndipo imalandira mwana aliyense wa m'deralo popanda kusankha. Sukulu ya m'tauni yaing'ono ya Glasgow, m'chigawo cha Kentucky, idatenga chikho chimenechi kangapo. Kwa mwana wa mlimi amene sadakwerepo ndege, ulendo wotere saauiŵala.

Koma ulendowo ndi wodula, ndipo amapita ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi okha. Sukulu imene yathera ndalama zonse pa ulendo umodzi, n'kusoŵa mafuta opitira kwa anansi ake chaka chotsatira, yalakwitsa.

Mu 2020, mliri wa COVID-19 utabuka, mipikisano ya dziko lonse idalephereka, ndipo mu 2021 idachitikira pa intaneti. Ena adaganiza kuti vuto la mtunda latha, ana aziseŵera ali kwawo. Idathandiza ndithu, ndipo njirayo ikhoza kupulumutsa tsiku limene chipale chatseka msewu. Koma m'midzi yambiri intaneti ndi yofooka, ndipo m'maseŵera odina kabatani kuchedwa kwa kamphindi kamodzi kumaluzitsa. N'kovutanso kudziŵa ngati mwana sakuonera yankho pambali. Mliri utachepa, matimu adabwerera m'makalasi.

Woŵerenga ndi wolemba mapointi

Tiŵerengere pamodzi. Sukulu yaitana matimu 12. Ndiye kuti zipinda 6. Chipinda chilichonse chifuna woŵerenga mmodzi ndi wolemba mapointi mmodzi, onse pamodzi akuluakulu 12. Pamwamba pa iwo pafunika wosonkhanitsa mapepala a mapointi, ndi ena okonza chakudya cha alendo. Sukulu ya aphunzitsi khumi ingaŵapeze kuti anthu onseŵa?

Imaŵapeza m'mudzi. Amabwera aphunzitsi opuma, abusa, wosunga mabuku ku laibulale, namwino, mlimi amene nyengo yozizira alibe ntchito yambiri kumunda, ndi anyamata ndi atsikana amene adaseŵerapo kale. Salipidwa. Mwina amangolandira chakudya chamadzulo. Popanda iwo, ngakhale ndalama zikhalepo, mpikisano sungachitike.

Woŵerenga sayenera kudziŵa mayankho pamtima, poti adalembedwa papepala pomwepo. Chofunika n'chakuti aŵerenge momveka, osathamanga ndiponso osakoka mau. Afike msanga, ayambe waŵerenga mapepalawo payekha, afunse katchulidwe ka maina achilendo. Bokosi likalira aleke pomwepo, ngakhale pakati pa liwu, chifukwa chilembo chimodzi chowonjezera chikhoza kupatsa mwana yankho. Nkhope yake isaulule kanthu. Ngati mwana wake ali m'timu ina, apemphe chipinda china. Mwana akatsutsa kuti yankho lake lidali lolondola, woŵerenga asakangane naye. Alembe dandaulolo, maseŵera apitirire, akulu a mpikisano aliweruza pambuyo ngati lingasinthe wopambana.

Wolemba mapointi ntchito yake ndi kuphatikiza ndi kuchotsa basi: 10 ndi 20, kuchotsapo 5. Pakapita mafunso angapo amanena mokweza mapointi a matimu onse aŵiri, kuti ngati pali cholakwa chikonzedwe nthaŵi yomweyo. Munthu aliyense wodziŵa kuŵerenga ndi kuŵerengera akhoza kuigwira ntchito imeneyi, ngakhale sadafike ku sekondale.

Maseŵera omaliza akatha, ntchito ikadalipo. Matebulo abwezedwe m'malo mwake, kuti eni makalasi asadzadandaule m'maŵa n'kukana alendo ulendo wina. Mapepala a mafunso atoleredwe onse. Mawaya akulungidwe bwino, kabatani kalikonse kayesedwe, ndipo bokosi lililonse libwerere ku sukulu imene dzina lake lalembedwa pachivundikiro. Aphunzitsi asanakwere magalimoto awo, amaima pakhomo kamphindi ndi makalendala m'manja, n'kutsimikizirana tsiku lotsatira ndi sukulu imene idzalandire alendo.